Malovu pa Chikwangwani cha Pembatoni

Asodzi a pa doko la Namisuku akafuna kukamba nkhani iyi amayamba alavula kaye pansi. Mlendo amayesa ndi uve. Si uve ayi. Khalani pansi, mumva chifukwa chake.

Kum'mawa, kumene dziko lathu limathera m'matope ndi m'mabango lisanasanduke Mozambique, kuli nyanja yosaya, ya madzi onga phala la mawere. Pakati pake pali chilumba chimodzi, koma mayina ake ndi asanu, ndipo dzina lililonse lili ndi amene analipereka.

Eni ake amachitcha Nachiwale, dzina la mayi woyamba kutayidwa pamenepo. Mayiyo anali ndi khate. Abale ake anamuolotsa pa bwato, namusiyira mphika, khasu ndi mbewu ya mapira m'chikho, nabwerera osacheuka. Sanafe. Analima, ndipo onse amene anatayidwa pambuyo pake ankawalandira ndi iyeyo. Anthu a kumtunda, otaya abale awo aja, sankafuna kutchula dzina la munthu. Iwo ankangoti ku Dzala, monga kotayako zinyalala. Ayao a malonda, podutsa ndi mitolo yawo, ankasiyako wodwala aliyense wolephera kuyenda, ndipo anachitcha Kwangauja, ndiko kunena kuti kosabwerera. A tsidya lija la Mozambique anaphunzira kwa ansembe a Chipwitikizi kuchitcha Lazalo, potengera wosauka wa zilonda uja amamutchula kutchalitchi.

Dzina lachisanu ndi la pa mapu a Angerezi: Pembatoni. Ameneyu anali mzungu wa boma la atsamunda amene analamula kuti aliyense wa banga pakhungu agwidwe, kaya ndi khate kaya ndi chipere, aolotsedwe. Asilikali ake ankawakankhira anthuwo kunja kwa bwato ndi mitengo yaitali poopa kuwakhudza, ndipo pobwerera mabwatowo ankawatentha. Mwini wakeyo sanapondepo phazi pachilumbapo. Anangolemba dzina lake papepala.

Khate linatha kalekale, koma mwambo unatsala. Chilumbacho chazingidwa ndi mabango ndi gumbwa, ndipo njira yolowera ndi imodzi yokha, imene amaitcha pa Khomo. Palibe amene amalowa pa Khomo osaodira. Wopalasa amatchula mayina onse asanu mwa ndondomeko yake, kuti aliyense wogona m'nthaka ya chilumbacho amve dzina limene ankalidziwa, ndipo akatchula lachisanulo amalavulira m'madzi. Masiku wamba kunong'ona kumakwana. Koma bwato likanyamula maliro, mwana wa malemuyo ndiye amaimirira kutsogolo, nanena mokweza kuti iye ndi mwana wa yani, kenako n'kuodira.

Elube ankaudziwa mwambowu ngati chikhatho chake, pakuti anabadwira pa Nachiwale. Mayi ake, a Nasiyaya, anamulera okha ndi ntchito yowamba milamba. Atamutumiza kusukulu ya kumtunda, anzake ankatseka mphuno iye akamadutsa. "Wa ku Dzala!" Kapu imene wamwera ankaikankha ndi phazi. Tsono pofika ku yunivesite Elube anali ataphunzira kunena kuti kwawo ndi ku boma, ndipo bodzalo linamukwana bwino ngati nsapato yakale.

Atamaliza maphunziro anapeza ntchito ya ulembi pa kampani ina imene inkamanga nyumba yogona alendo pachilumbapo. Ofesi yake inali pa doko la Namisuku, ndipo mkulu wake anali a Solobala, bambo wa jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Lamulo lawo linali losalembedwa koma lodziwika: a pachilumba angathe kusenza njerwa, koma asalowe mu ofesi, ndipo asadzakhudze mbale ya mlendo.

"Alendo akamva mbiri ija, angadye?" ankatero a Solobala. "Magazi saiwala. Zinthu zija zimangogona."

Tsiku losankha dzina loti lilembedwe pa zikwangwani ndi pa makalata, nkhani sinatalike.

"Nachiwale? Mzungu lilime lingamuthyokere. Dzala? Mukufuna tizigulitsa dzala? Enawo ndi a anthu obwera. Pembatoni ndilo dzina, lomveka ngati la ku Ulaya. Mayina enawo ndisawamvenso pa malo a kampani. Elube, lemba."

Elube analemba. Ndi iye yemwe anapita kwa wopenta, nasankha utoto wobiriwira ndi zilembo zoyera. Chikwangwanicho anachiimika pa doko pa mitengo iwiri yaitali, moti munthu wamtali atakweza dzanja ankangokhudza m'munsi mwake.

Patapita masiku atatu a Nasiyaya anaoloka kudzagulitsa milamba. Kuwerenga sankadziwa, choncho anafunsa munthu chimene chinalembedwa. Kenako anadza pa zenera la ofesi, dengu lili pamutu. Elube anatuluka msanga, nauza anzake kuti akukaona mayi wa nsomba, ndipo anawakokera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ndiwe walemba chija?"

"Ndi ntchito, amayi. Chonde musakweze mawu."

"Ndikweze chiyani? Mawu anga ananka ndi utsi wa milamba. Maso awa anafiira kuti iwe ukaphunzire kulemba, ndiye walemba dzina la amene anatentha bwato la agogo anga?"

"Ndi dzina chabe, amayi."

A Nasiyaya anali ndi fodya wawo kuseri kwa mlomo wa m'munsi, monga mwa masiku onse. Elube anawaona akusonkhanitsa malovu m'kamwa, ndipo anadikira. Koma mayiwo anayang'ana zenera la ofesi, nayang'ana nsapato za mwana wawo, n'kumeza.

"Sindilavula pano," anatero. "Ndingakuchititse manyazi."

Anasenza dengu lawo, nabwerera kugombe.

M'mawa mwake chikwangwani chinapezeka chonyowa. Mvula inali isanagwe miyezi isanu, ndipo mame a m'chilimwe sanyowetsa thabwa chotero. Elube anayandikira. Anali malovu. Anali atayenderera pa zilembo zonse, ena oyera a thovu, ena makhololo achikasu olendewera ngati ulusi, ndipo ntchentche zobiriwira zinali zitafika kale.

Mlonda analumbira pa dzina la make kuti sanagone, ndiponso kuti palibe anayandikira. A Solobala anamuchotsa ntchito. Mlonda watsopano anabwera ndi galu. Galuyo anakana kufika pamthunzi wa chikwangwanicho, ndipo m'mawa malovu anali ochuluka kuposa dzulo. Anazunguliza waya waminga. Pa matope ozungulira mitengo ija panalibe phazi ndi limodzi lomwe, koma thabwa linkadontha.

Antchito onse anakana kutsuka. "Bwana, tichotseni basi," anatero wina. "Malovu a munthu wamoyo sakwera mpaka pamenepo." Ndiye ntchitoyo inagwera Elube. M'mawa uliwonse ankakwera pa makwerero ndi ndowa, sopo ndi chisanza, atamanga mpango pamphuno. Chimene sanauze munthu n'chakuti malovuwo ankawapeza ofunda.

Mu ofesi namonso zinthu zinayamba kusokonekera. Chidindo cha kampani, chokhala ndi dzina latsopano lija, chinasowa mu dirowa yokhoma, n'kukapezeka pa Khomo chikuyandama. Maenvulopu osagwiritsidwa ntchito ankapezeka atamatika okha, m'mphepete muli chinyezi, ngati wina wawanyambita limodzi limodzi. Elube ankasamba m'manja mpaka khungu kusuwa.

Anamva kuti mayi ake adwala ndipo agonekedwa pa chipatala cha mishoni kumtunda komweko. Anatumiza shuga ndi buledi. Ankati apita Loweruka, pamene a ku ofesi sangamuone.

Lachisanu m'mawa anakwera makwerero monga mwa nthawi zonse. Pakati pa uve wonse uja panali malovu amodzi achilendo, ofiirira, atamatirira pa chilembo choyamba chenicheni. Sanafunike kuchotsa mpango pamphuno. Fungo la fodya ameneyo analidziwa kuyambira ali kumsana. Anali akadali pa makwerero pomwepo, chisanza chili m'manja, pamene foni inalira. Anali malume ake, a Fayisoni, mlongo wa mayi ake.

"Elube. Amayi ako atisiya m'bandakucha."

Chipatalacho chinalibe chipinda choziziritsira mitembo, ndipo dzuwa la mwezi umenewo silidikira munthu. Bokosi silikwana m'bwato losema. Boti la injini pa doko lonselo linali limodzi, la kampani, ndipo Loweruka linkaoloka kukaimika chikwangwani chachiwiri pachilumba penipeni. Elube anapukuta nkhope, nalowa kwa a Solobala.

"Bwana, kuli mayi wina wa pachilumba wamwalira pachipatalapa. Abale ake akupempha ngati mungawathandize kuolotsa thupi."

A Solobala anakwinya nkhope, kenako anaganiza. "Chabwino, anthu aone kuti kampani ili ndi mtima. Koma bokosilo likhale kumbuyo, kutali ndi ine. Asandiimbire nyimbo zawo. Ndipo akatsika, botilo litsukidwe ndi mankhwala. Iwe upita nafe, ugwire chikwangwani."

A Fayisoni atamva mmene mphwawo wapemphera botilo, anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mphutsi m'ndiwo.

"Mayi wina?"

"Malume, akadziwa ntchito yatha. Ndikupemphani, odirani ndinu. Mukhoza kunong'ona."

"Ine ndine mlongo wake, sindine mwana wake. Amene anayamwa ndi iwe. Pa Khomo ine ndikhala chete."

Ananyamuka Loweruka dzuwa litangokwera pang'ono. Woyendetsa anali Che Likwanya, Myao wa imvi amene anakalambira panyanjapo. Kumbuyo kunali bokosi, a Fayisoni, ndi amayi awiri a kumpingo. Kutsogolo kunakhala a Solobala, mpango wonunkhira uli pamphuno, ndi Elube, atakumbatira chikwangwani, msana atalozetsa kwa mayi ake.

Ulendowo ndi wa ola limodzi. Atafika pa Khomo, Elube anaona milomo ya Che Likwanya ikugwedera pansi pa phokoso la injini, kenako mkuluyo analavulira m'madzi mwachinsinsi. Ndi mmene boti la kampani linkalowera masiku onsewo, bwana osadziwa. Che Likwanya anaponya diso kwa Elube. Elube anayang'ana pansi.

Analowa m'mabango. Njirayo ndi yaifupi. Munthu akalowa amaona kale mitengo ya mango ya pachilumba. Tsikulo sanaione. Bango linatsatana ndi bango. Anadutsa mtengo wozikidwa m'matope, womangidwa kansanza kabuluu, chizindikiro cha asodzi. Patapita nthawi anadutsanso mtengo wa kansanza kabuluu. Kachitatu, mmodzi wa amayi a kumpingo anayamba kupemphera chapansipansi.

"Likwanya, waledzera?"

"Ine sindimwa, bwana. Njira ndi yomweyi. Koma lero siikutha."

A Solobala anatulutsa foni, natsegula mapu. Kadontho kosonyeza pamene iwo ali kanali pakati penipeni pa chilumba, pamwamba pa dzina lija la Pembatoni. Anayang'ana kadonthoko, nayang'ana madzi akuda ozungulira boti, n'kubweza foni m'thumba.

Dzuwa linafika pamutu, ndipo linaima pomwepo. Mphepo inafa. Injini inatsamwa ndi ndere kawiri, kachitatu inazimiratu, ndipo Che Likwanya anatenga mtengo wautali wokankhira boti. Phokoso litatha, anayamba kumva zina. Tambala analira pafupi, kudzanja lamanja. Kenako makasu, kumveka bwinobwino kuti ndi adzukulu akukumba manda, koma tsopano kumanzere. Analunjika komweko, makasuwo n'kumvekera kumbuyo.

Ndipo fungo linayamba. Poyamba linkabwera n'kupita, lotsekemera moipa ngati papaya loola. Kenako linakhazikika. Pa ngodya ina ya bokosi thabwa linada, ndipo dontho linagwa pansi pa boti, lina n'kutsatira. Ntchentche zinachokera kosadziwika, zinadzaza chivundikiro mpaka nsalu yoyera yofunditsa bokosilo inaoneka yakuda. Amayi a kumpingo ankaziingitsa ndi zitenje, misozi ili mbwembwembwe. Elube sanacheuke. Ankapuma ndi pakamwa, ndipo fungolo linkamukhala pa lilime. Chimene chinkamuchititsa nseru kwambiri sankachidziwa bwino: kaya ndi za m'bokosi, kaya ndi munthu amene anakhala atakumbatira thabwa.

Apo bwato losema linatulukira m'gumbwa, mopanda phokoso. Munali munthu mmodzi, chipewa cha mlaza chitaphimba nkhope. Nkhafi sanaigwire ndi zala. Inali yomangiriridwa ku mkono ndi luzi.

"Akwaula kwapi?" anafunsa m'Chiyao, mawu ake otuluka m'mphuno.

Che Likwanya anatsegula pakamwa, koma a Solobala anamutsogolera. "Akuti chiyani? Tikupita kuti? Ku Pembatoni! Tilozere njira, tikupatsa kenakake."

Munthuyo anadikira mawu ena. Atapanda kubwera, anatembenuza bwato, nalowa m'gumbwa. Pamadzi sipanatsale mzere.

Wachiwiri anali mayi, atafunda chiguduli mpaka kumaso, ndipo anafunsa m'chilankhulo cha tsidya lija. A Solobala anayankha chimodzimodzi, mokalipa. Mayiyo asanatembenuke anasuzumira m'boti, nayang'ana bokosi, kenako anatembenuzira chigudulicho kwa Elube. Mmene munayenera kukhala maso munali mdima wokha, koma Elube anadziwa kuti akumuyang'ana.

Wachitatu sanamuone n'komwe. Anangomva bwato likukhudza lawo chakumbuyo, pafupi ndi bokosi, ndi mawu a nkhalamba olankhula Chimang'anja chakale.

"Mulinkunka kuti ndi mwana wathuyu? Mwini maliro ndani?"

A Fayisoni anayang'ana msana wa Elube. Che Likwanya anayang'ana msana wa Elube. Amayi a kumpingo anasiya kuingitsa ntchentche.

"Mwini maliro ndani?" Mawuwo anabwerezanso, tsopano chapatali, kenako kunangoti zii.

A Solobala anasanza m'madzi. Atadzuka nkhope inali itatuwa, jekete litanyowa ndi thukuta.

"Likwanya, bwerera."

"Ndibwerere kuti, bwana? Kumene tachokera kwatsekeka."

Zinali zoona. Kumbuyo kwawo bango linali litagwirana ngati mpanda.

"Ndi chinthu ichi," anatero a Solobala, akuloza bokosi ndi chibwano. "Chikutilemera, ndipo chitidwalitsa tonse. Mukuona zikutuluka m'menemo? Mukudziwa matenda amene anthu awa ali nawo m'magazi? Tsitsani. Chisiyeni m'mabangomu, abale ake adzachitenga mawa ndi mabwato awo."

"Bwana, ameneyu ndi munthu," anatero a Fayisoni.

"Anali munthu. Madala, tsitsani, boti ili ndi la kampani!"

Palibe anasuntha. Tsono a Solobala anaimirira, nalanda mtengo wautali uja m'manja mwa Che Likwanya. Sanafune kuyandikira. Anaima patali, mpango uli pamphuno, naika nsonga ya mtengowo pa bokosi, n'kuyamba kukankha. Bokosi linakhulika pa matabwa, linasendera m'mphepete.

Elube anacheuka nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo chimene anaona anali atachimvapo kale. Mayi ake ankachikamba akuwamba nsomba: munthu wa boma ataima patali, mtengo wautali m'manja, akukankha wodwala ngati galu wakufa. Iye ankayesa ndi nkhani ya makedzana. Chikwangwani chinagwa m'manja mwake.

"Chotsani mtengowo pa amayi anga."

A Solobala anatembenuka. "Wati chiyani?"

Elube anawafulatira. Anavula nsapato, nakwera kutsogolo kwa boti. Mawu ake oyamba anatuluka osweka, ndipo anayambiranso.

"Odi! Ine ndine Elube, mwana wa Nasiyaya wowamba milamba, wobadwira pachilumba pano. Ndabwera ndi amayi anga. Odi ku Nachiwale!"

Mabango anagwedera popanda mphepo. Kuchokera pansi, ngati m'madzi momwemo, kunamveka kuwomba m'manja, koma kogontha, kopanda kuthwanima, monga mmene angawombere manja osakwanira zala.

Pa dzina lachiwiri anaima. Linali lomwe lija la kusukulu, la mphuno zotsekedwa ndi kapu yokankhidwa ndi phazi. Zaka khumi ndi zisanu anali asanalitchule.

"Usalumphe," anatero a Fayisoni chapansipansi. "Ambiri anafa akudziwa lomwelo."

"Odi ku Dzala!"

Kuwomba kumene kunayankha apa kunali kwa khamu. Kunachokera mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo, pansi pa boti, mpaka matabwa ananjenjemera ku mapazi ake. Elube analira, koma sanaleke.

"Odi Kwangauja! Odi ku Lazalo!"

Kumanja kunayankha ochepa, kumanzere ochepa. Kenako bata. Onse ankadikira.

"Odi ku Pembatoni."

Palibe dzanja linawomba. Elube anawerama kuti alavule, koma m'kamwa munali mouma gwa. Dzuwa la tsiku lonse, kupuma ndi pakamwa, ndi mantha, zinali zitamuumitsa lilime ngati chikopa. Anayesa, nayesanso. Bata lija linayamba kulemera, ndipo mabango anayamba kuweramira m'boti.

Wina anamugwira chigongono. Anali a Fayisoni, atatambasula dzanja. M'chikhatho munali kabotolo kakang'ono ka fodya, kotsekedwa ndi chitsononkho.

"Ndinakapeza pansi pa pilo wawo. Tsina."

Elube anatsina fodyayo, namuika kuseri kwa mlomo wa m'munsi monga ankachitira mayi ake. Anawawa ngati ndulu, anamuotcha nkhama. Koma malovu anabwera, odzaza kamwa. Analavula, ndipo banga lofiirira linayandama pamadzi akuda aja.

A Fayisoni analavula. Che Likwanya analavula, poyera tsopano. Amayi a kumpingo analavula onse awiri. Kenako maso onse anapita kwa a Solobala.

"Lavulani, bwana," anatero Che Likwanya. "N'zochepa."

"Ine? Ndilavulire dzina la kampani? Ine sindine nyama ngati inu." Analoza Elube ndi chala. "Ndipo iwe, wakhala ukundipangira tiyi miyezi yonseyi ndi manja amenewo? Lolemba usabwere."

Elube sanamve n'komwe, pakuti kutsogolo kwake bango linali litapatuka. Chilumba chinali pomwepo, mtunda woti mwana angaponye mwala: mitengo ya mango, mabwato ogadamitsidwa, ndi khamu la anthu litaima pagombe. Dzuwa, limene linaima pamutu nthawi yonse ija, linali litapendekera kumadzulo. Anthuwo anati anamva injini kuyambira m'mawa ikuzungulira pafupi pomwepo, ndipo anaitana mpaka mawu kusasa.

Amuna analowa m'madzi, nasenza bokosi pamapewa, osasamala zimene zinkadontha. Elube anatsika, nagwira ngodya yonyowa ija ndi dzanja lake, ndipo sanaisiye mpaka kumanda.

A Solobala okha anatsala m'boti. Ankatembenuka uku ndi uku, maso ali tong'o.

"Mukupita kuti? Likwanya! Mumira! Bwererani, kulibe kanthu uko!"

"Bwana, mtunda ndi uwu. Boti lagunda kale mchenga."

"Uli kuti? Ndikuona bango lokhalokha!"

Mkulu wina wa pachilumba anawamvera chisoni, nalowa m'madzi ofika m'mawondo, nawatambasulira dzanja kuti awatsitse. Dzanjalo analiona. Analiyang'ana, nabisa manja awo kumbuyo. Mkuluyo anadikira pang'ono, kenako anatsatira maliro. Che Likwanya anamanga boti ku chitsa, nati akaponye dothi abwerenso.

A Nasiyaya anaikidwa dzuwa lisanalowe, pafupi ndi mayi awo. Anthu atabwerera kugombe, boti panalibe. Chingwe chinali pa chitsa pomwepo, chosaduka, chongomasulidwa bwinobwino. Che Likwanya atachitola anachiponya pansi msanga, napukuta dzanja pa udzu. Chinali chonanda, ndipo chinali chofunda.

Apolisi anafufuza sabata ziwiri. Kampani inatumiza anthu ena, koma sanakhalitse. Makoma a nyumba ya alendo ija lero ndi mokhala mbuzi. Asodzi ena amati masana a dzuwa loswa mtengo, m'kati mwa mabango, amakumana ndi boti lopanda injini. Muli bambo wa jekete, thabwa lobiriwira lili pamiyendo, milomo itang'ambikang'ambika. Amafunsa mwaulemu njira ya ku Pembatoni. Iwo amamuuza kuti, "Lavulani, bwana." Akuti masiku ano amayesa. Amawerama, amakhosomola, koma palibe chimatuluka.

Elube sanabwerere ku ofesi. Amaphunzitsa pa sukulu ya pachilumba, ndipo akafunsidwa kwawo amayankha asanamalize kufunsa. Chikwangwani cha pa doko la Namisuku anachigwetsa, napenta china ndi manja ake. Chili ndi mayina onse asanu, mwa ndondomeko yake, Nachiwale pamwamba. Chimenechi chimacha chouma m'mawa uliwonse, kupatula mzere umodzi. Lachisanu lija analilemba m'munsi kwenikweni, pafupi ndi dothi, kuti ngakhale mwana athe kulifikira.